Yankho Ankalidziwa, Koma Anauzidwa Kuti Alakwe

Masewera ofunsana mafunso si achilendo pakati pathu. Kuyambira kalekale, anthu akatha kudya nsima ya madzulo ankasonkhana pabwalo kapena pamoto n'kuyamba kuponyerana ndagi. Wina ankati "Ndagi!" enawo n'kuvomera kuti "Gize!" Ndagi ikawakanika onse, ankapereka ng'ombe za pakamwa chabe kuti mwini wake aulule yankho. Palibe amene ankatsekula khola lenileni, komabe aliyense ankalimbikira kuganiza ngati kuti ng'ombezo zipitadi.

Masiku ano ana athu akufunsana za kanema. Chifikire nyumba zoonetsera mafilimu m'misika ya ku Ulónguè, Dómuè, Tsangano, Furancungo ndi kwina konse m'malire muno, ndiponso chibwerere mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amadutsa kuchokera ku Malawi pa timakadi ta m'foni, nkhani za Rambo ndi Jackie Chan zalowa m'mudzi. Mnyamata amaimirira pakati pa anzake n'kuyerekeza kayendedwe kapena kamenyedwe ka mwini filimu wina, anzakewo n'kumalota kuti ameneyu ndi ndani. Amayi amene amatsata manovela a ku Brazil nawo amatsutsana pa mjigo za amene adzakwatire mnzake ndi amene waba chuma cha malemu.

Nafenso a pa wailesi timadziwa kuti pulogalamu ya mafunso imakoka anthu. Ngakhale mphotho itakhala mtanda wa sopo kapena mayunitsi a foni, anthu amaimika khasu kuti amve amene wapambana.

N'chifukwa chake sabata ino ndafuna kuti tikambirane za funso limodzi la kanema limene linafunsidwa ku America m'chaka cha 1956. Funsolo linali losavuta ndipo woyankhayo ankalidziwa bwino lomwe, koma analakwa dala chifukwa anachita kuuzidwa. Kulakwa kumeneko kunagwetsa anthu otchuka, kunafikitsa nkhani ku nyumba ya malamulo, ndipo pomaliza kunabala lamulo latsopano.

Kachipinda ka magalasi

Mu Seputembala 1956, wailesi ya kanema ya NBC mu mzinda wa New York inayamba kuonetsa mpikisano wa mafunso wotchedwa Twenty-One, kutanthauza 21. Wofunsa mafunso anali a Jack Barry, ndipo amene ankayendetsa zonse kuseri anali mnzawo a Dan Enright.

Kachitidwe kake kanali kotere. Anthu awiri opikisana ankalowa aliyense m'kachipinda kake ka magalasi, atavala zomvera m'makutu, kotero kuti wina samamva zimene mnzake wayankha ndipo samadziwa mapointi amene mnzakeyo ali nawo. A Barry ankatchula mutu wa funso, monga mbiri, nyimbo kapena kanema, ndipo wopikisana ankasankha yekha kulemera kwa funso lake, kuyambira pointi 1 mpaka 11. Akakhoza ankawonjezera mapointiwo, akalakwa ankachotseredwa. Woyamba kufika pa 21 ndiye anali wopambana, ndipo ankabweranso sabata yotsatira kudzakumana ndi munthu wina.

Tsiku loyamba pulogalamuyi inachitika mwachilungamo, ndipo sinakome. Opikisana onse awiri ankangolakwa mafunso. Kampani imene inkalipira pulogalamuyo, yomwe inkagulitsa mankhwala owonjezera magazi otchedwa Geritol, inakwiya kwambiri. A Enright anadzavomera okha patapita zaka kuti kuyambira pamenepo anaganiza zoti azikonzeratu amene apambane ndi amene agonje.

Mu Okutobala chaka chomwecho anapeza munthu amene ankamufuna. Dzina lake anali Herb Stempel, wa zaka 29, amene anali atagwirapo ntchito ya usilikali ndipo pa nthawiyo ankaphunzira pa City College ku New York komweko. A Stempel anali ndi mutu wogwira zinthu modabwitsa. Chimene awerenga kamodzi sankachiiwala. Kunena zoona, munthu ameneyu akanatha kupambana mafunso ambiri popanda womuthandiza.

Koma a Enright sankafuna nzeru zokha, ankafuna sewero. Anapita kunyumba kwa a Stempel, nawaonetsa mafunso ndi mayankho ake. Anawasankhira suti yakale yosawakwana bwino, anawauza kuti amete tsitsi ngati msilikali, ndiponso kuti avale wotchi yotsika mtengo imene kugunda kwake kunkamveka pa maikolofoni. Anawaphunzitsa nthawi yopumira, nthawi yoluma mlomo ndi nthawi yopukuta thukuta pamphumi. Kuti thukutalo lituluke ndithu, ankazimitsa makina oziziritsa mpweya m'kachipinda kaja. Anthu oonera kunyumba ankaona mwana wa amphawi akulimbana ndi mafunso ovuta mpaka kunjenjemera, osadziwa kuti ngakhale kunjenjemerako kunali kochita kuphunzitsidwa.

A Stempel anapambana sabata ndi sabata. Koma patapita nthawi eni pulogalamu anaona kuti anthu sakuwakonda kwenikweni, ndipo anayamba kufunafuna wina wooneka bwino.

Usiku wa 5 Disembala

Amene anamupeza anali a Charles Van Doren, a zaka 30, mphunzitsi wa Chingerezi pa yunivesite ya Columbia. Iwowa anali ochokera ku banja lodziwika la anthu ophunzira. Bambo awo, a Mark Van Doren, anali mlakatuli wotchuka amene analandirapo mphotho ya Pulitzer. A Charles anali aatali, aulemu, olankhula mofatsa, munthu amene mayi aliyense akanakonda kuti akhale mkamwini wake. Malipiro awo a uphunzitsi sankafika madola 5,000 pa chaka. Mmodzi wa okonza pulogalamu, a Albert Freedman, anawanyengerera powauza kuti akamaoneka akupambana, ana a m'dziko lonse adzayamba kukonda sukulu. A Van Doren anavomera kulandira mayankho.

Anthu awiriwa anakumana koyamba kumapeto kwa Novembala, ndipo masewero awo ankathera mofanana, monga mmene anawakonzera, kuti ndalama zikwere ndiponso kuti oonera achuluke. Kenaka a Enright anawauza a Stempel kuti nthawi yawo yatha. Anawauzanso funso limene ayenera kulakwa.

Funso lake linali lakuti: ndi filimu iti imene inapata mphotho ya Oscar monga filimu yopambana zonse ya chaka cha 1955?

Yankho ndi Marty. Imeneyi ndi filimu yaifupi, yopanda mfuti kapena nkhondo. Imakamba za munthu wogulitsa nyama m'dera la Bronx ku New York, wa zaka 34, wosakwatira, wokhala ndi amayi ake, amene amadziona ngati wosaoneka bwino ndipo anataya mtima kuti sadzapeza mkazi. Tsiku lina ku dansi akumana ndi mphunzitsi wamkazi wamanyazi dzina lake Clara, amene nayenso anthu ankamunyoza. Amayi ake ndi anzake ayesa kumuletsa, koma pomaliza iye asankha kutsata mtima wake. Amene anasewera ngati Marty anali a Ernest Borgnine, ndipo nawonso analandira Oscar. Filimuyi inapata mphotho zinayi za Oscar komanso mphotho yaikulu ya ku Cannes, ku France.

A Stempel anabadwira ku Bronx komweko. Filimu imeneyi anali ataionera katatu ndipo inali imodzi mwa zimene ankazikonda koposa. Anapempha kuti awapatse funso lina loti alakwe, kapena awalole kupikisana ndi a Van Doren mwachilungamo. A Enright anakana, koma anawalonjeza kuti akamvera adzawapezera ntchito pa wailesi ya kanema.

Usiku wa 5 Disembala 1956 a Stempel anali ndi mapointi 16. A Barry anati mutu wa funso ndi kanema, ndipo a Stempel anasankha funso la mapointi 5. Akanangoti "Marty", akanafika pa 21 n'kupambananso. Anthu mamiliyoni ambiri anali kuonera. A Stempel anakhala kaye chete, kenaka anatchula On the Waterfront, filimu ya a Marlon Brando imene inapambana chaka cha 1954. A Barry anati pepani mwalakwa. Usiku womwewo a Van Doren anakhala katswiri watsopano, ndipo a Stempel anachoka ndi madola 49,500.

Taganizani, abale anga. Munthu kuuzidwa kuti uiwale dzina la mudzi wa kwanu pamaso pa khamu la anthu. Chimene chinawapweteka a Stempel si ndalama, koma manyazi olakwa funso limene ngakhale mwana wa sukulu ankalidziwa.

Mmene chinsinsi chinaululikira

A Van Doren anakhala pa pulogalamuyo mpaka Malichi 1957, pamene anagonja kwa loya wamkazi, mayi Vivienne Nearing. Anapata madola 129,000, ndalama zimene pa uphunzitsi wawo akanazigwirira ntchito zaka zoposa 25. Chithunzi chawo chinatuluka pa chikuto cha magazini ya Time mu Febuluwale 1957. NBC inawalemba ntchito ya madola 50,000 pa chaka. Aphunzitsi ndi makolo ankawalembera makalata owathokoza chifukwa chopatsa ana chitsanzo chabwino. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Stempel ntchito imene analonjezedwa ija sanaione. Anayamba kupita kwa atolankhani kukaulula zonse, koma nyuzipepala zinaopa kulemba poopa kuzengedwa mlandu. Eni pulogalamu ankanena kuti munthuyo ndi wansanje chabe ndipo mutu wake sukuyenda bwino. Mawu a wophunzira wosauka akanalimbana bwanji ndi kampani yaikulu komanso mwana wa banja lolemekezeka? Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Zinthu zinatembenuka mu 1958 chifukwa cha pulogalamu ina ya mafunso yotchedwa Dotto. Munthu wina amene ankadikira nthawi yake yopikisana anatola kabuku ka mayi wina amene anali kupambana, ndipo anapezamo mayankho a mafunso amene mayiyo anali kufunsidwa nthawi yomweyo. Mu Ogasiti chaka chimenecho Dotto inathetsedwa. Apa ndi pamene nyuzipepala zinakumbukira a Stempel n'kuyamba kulemba nkhani yawo. Mu Okutobala, Twenty-One nayo inatsekedwa.

Woimira boma pa milandu ku New York, a Frank Hogan, anayambitsa kafukufuku. Anthu pafupifupi 150 anapereka umboni atalumbira, ndipo a Hogan ananena pambuyo pake kuti ambiri mwa iwo ananama. A Van Doren anali mmodzi wa amene analumbira kuti sanalandirepo yankho lililonse.

Umboni wosatsutsika unachokera kwa munthu wina wojambula zithunzi, a James Snodgrass, amene anapikisanapo pa Twenty-One mu 1957. Iwowa anachita zanzeru. Akapatsidwa mafunso ndi mayankho, ankawalemba pa pepala, n'kuika mu envelopu, n'kudzitumizira okha kudzera ku positi ofesi masiku a pulogalamu asanafike. Makalatawo sankawatsekula. Chidindo cha positi chinkaonetsa tsiku limene kalata inatumizidwa. Pamene ofufuza anatsekula makalatawo, anapeza mafunso omwe aja amene anadzafunsidwa pa kanema patapita masiku.

Woweruza wina atalamula kuti lipoti la kafukufukuyu lisatulutsidwe, aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington anailowerera nkhaniyi mu Okutobala 1959, motsogozedwa ndi a Oren Harris. Kunabwera mboni zambiri, kuphatikizapo kamtsikana ka zaka 12, Patty Duke, kamene kanaulula kuti nakonso kanachita kuphunzitsidwa pa mpikisano wina. Pa 2 Novembala 1959 a Van Doren anaima pamaso pa aphungu ndi kuvomera kuti ananamiza dziko lonse kuyambira pachiyambi. Ntchito ya ku Columbia inatha, ya ku NBC inathanso.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene anamangidwa chifukwa chokonzeratu mpikisano, pakuti nthawi imeneyo kunalibe lamulo loletsa zimenezi. Amene anazengedwa milandu anazengedwa chifukwa chonama atalumbira. A Van Doren anavomera mlandu umenewu mu 1962 ndipo sanalowe m'ndende. Lamulo loletsa chinyengo pa mipikisano ya pa wailesi linakhazikitsidwa mu 1960, nthawi ya Pulezidenti Eisenhower.

A Van Doren anakagwira ntchito yolemba mabuku ku Encyclopaedia Britannica, ndipo anakhala zaka zambiri osafuna kulankhula ndi atolankhani. Anamwalira mu 2019. A Stempel anamwalira mu 2020. Onse awiri anafika zaka 93, ndipo mpaka imfa yawo anthu ankawakumbukira ndi usiku umodzi uja. Koma a Barry ndi a Enright, amene anakonza zonsezi, anabwereranso pa kanema m'zaka za m'ma 1970 ndi mipikisano ina n'kulemeranso. Nkhani yonseyi inadzapangidwa filimu mu 1994, yotchedwa Quiz Show, imene anaitsogolera a Robert Redford.

Kubisa kwina n'kwabwino

Wina angafunse kuti: nanga cholakwa n'chiyani, poti za pa kanema zonse ndi sewero? Eni Twenty-One nawo ankadziteteza ndi mawu omwewa. Ankati palibe amene anaberedwa, anthu anasangalala, basi. Kuti tione kusiyana kwake, tiyeni tione masewera ena awiri olota amene anagwedeza maiko.

Loyamba ndi la sewero la ku America lotchedwa Dallas, lokamba za banja lolemera ndi mafuta a pansi ku Texas. M'banjamo munali munthu wankhanza ndi wachinyengo, J.R. Ewing, amene ankamusewera a Larry Hagman. Pa 21 Malichi 1980 gawo lomaliza la chaka chimenecho linatha J.R. atawomberedwa ndi munthu wosaoneka nkhope. Popeza munthuyo anali atalakwira pafupifupi aliyense, oganiziridwa anali ambiri. Anthu anadikira miyezi isanu ndi itatu akufunsana kuti wawombera J.R. ndani. Funsoli linalembedwa pa malaya, ndipo ku Britain anthu ankabetcherana ndalama. Pofuna kuti chinsinsi chisatuluke, eni sewerolo anajambula osewera ambiri, aliyense akuwombera mfuti, kotero kuti ngakhale osewerawo sankadziwa chithunzi chimene chidzaonetsedwe. Pa 21 Novembala 1980 anthu oposa 80 miliyoni ku America kokha anaonera yankho: anali Kristin Shepard, mng'ono wa mkazi wa J.R., amene analinso chibwenzi chake.

Lachiwiri ndi la ku Brazil, kumene kumachokera manovela ambiri amene timaonera m'dziko muno. Mu 1988 wailesi ya kanema ya Globo inaonetsa novela yotchedwa Vale Tudo. Munali mayi wolemera, wonyada ndi wonyoza amphawi, dzina lake Odete Roitman, amene ankamusewera mayi Beatriz Segall. Pa 24 Disembala 1988, usiku woti mawa ndi Khirisimasi, Odete anawomberedwa. Kwa masiku 13 dziko lonse la Brazil linali pa funso limodzi: wapha Odete Roitman ndani? Kampani ina ya zokometsera ndiwo inachititsa mpikisano woti anthu alote, ndipo makalata anafika ochuluka zedi. Olemba novelayo anakonza mathero angapo osiyana kuti osewera asadziwe. Pa 6 Januwale 1989 zinadziwika kuti anali Leila, amene anawombera molakwitsa poganiza kuti akupha chibwenzi cha mwamuna wake. Mu 2025 Globo inakonzanso novela yomweyi ndi osewera atsopano, ndipo funso lija linabweranso m'kamwa mwa anthu.

Onani tsono. Ku Dallas ndi ku Vale Tudo nakonso kunali kubisa, ndipo kubisa kwake kunali kwakukulu. Koma palibe amene anakwiya, palibe amene anapita ku khoti. Chifukwa chake n'chakuti aliyense ankadziwa kuti akuonera nthano, ndipo yankho linabisidwa kwa onse mofanana. Wolemera ndi wosauka, mphunzitsi ndi mlimi, onse ankalota ali mu mdima umodzi.

Pa Twenty-One zinali zina. Anthu anauzidwa kuti zimene akuona n'zenizeni, kuti thukuta lija ndi la munthu amene akuganiza, ndiponso kuti wopambana wapambana ndi mutu wake. Yankho silinabisidwe kwa onse. Linapatsidwa kwa mmodzi m'chibisibisi, ena onse n'kupusitsidwa. Mwini ndagi amabisa yankho, ndipo ndi udindo wake kutero. Koma akanong'oneza mphwake yankholo masewera asanayambe, pamenepo palibenso ndagi, pali kuba.

Nanga kuno kwathu?

Mwina mukuti zimenezi ndi za azungu ndi madola awo. Koma mtima wofuna kupambana ndi umodzi kulikonse, ndipo chinyengo sichisankha kukula kwa mphotho.

Chilipo chizolowezi china m'nyumba za kanema. Anyamata amabetcherana timakobidi kuti ndani afe, kapena kuti mwini filimu apulumuka bwanji. Masewera otere amayamba ngati nthabwala. Koma pakati pawo pamapezeka wina amene filimuyo anaionera kale kumsika wina kapena tsidya la malire, n'kumanamizira kuti akuiona koyamba. Amakanda mutu, amachita ngati akukayika, kenaka n'kutola ndalama za anzake. Ameneyo sasiyana ndi munthu wa m'kachipinda ka magalasi uja. Ndewu zina zimene timamva m'misika zimayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Palinso mipikisano ya mafunso m'masukulu, m'mipingo ndi pa wailesi. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri n'lakuti opambana amakhala omwewomwewo, kapena ndi abale a okonza mpikisano. Nthawi zina dandaulo lotere limangochokera ku kuwawidwa mtima kwa wogonja. Koma ife amene timagwira maikolofoni, pamodzi ndi aphunzitsi ndi akulu a mpingo, tisalinyoze. Munthu amene wayenda mtunda wautali kukasiya kalata yake, kapena wawononga mayunitsi ake omaliza kuimba foni, wapereka chinthu chamtengo. Akangokhulupirira kuti zonse zinakonzedwa kale, sadzayesanso, ndipo sadzakhulupiriranso ngakhale uthenga wa katemera kapena wa mbewu umene udzatuluke pakamwa pomwepo. Dzina labwino la wailesi kapena la sukulu limatha ndi mtanda umodzi wa sopo woperekedwa mokondera.

Njira zotetezera chilungamo si zovuta ndipo sizifuna ndalama. Mafunso alembedwe ndi munthu amene alibe mwana kapena mbale mu mpikisanowo. Aikidwe mu envelopu yomata, ndipo itsekulidwe pamaso pa anthu tsiku lomwelo. Ngati pali kutola kalata ya mwayi, atole ndi mwana wamng'ono kapena mlendo, anthu akuona. Ogwira ntchito pamalopo ndi a m'nyumba mwawo asapikisane nawo. Dzina la wopambana ndi mudzi wake zilengezedwe poyera, ndipo mphotho iperekedwe pali mboni. Wofunsa akhale ndi yankho lolembedwa kale, kuti lisasinthe poona nkhope ya woyankha.

Chomaliza, chenjerani ndi mipikisano imene simunalowe. Ambiri mwalandirapo uthenga pa foni wonena kuti mwapambana njinga yamoto, malata kapena ndalama zankhaninkhani, koma muyambe mwatumiza kangachepe kolipirira mayendedwe a katunduyo. Ena amayamba ndi kukufunsani kafunso kosavuta, koti aliyense akhoza, kuti mumve ngati mwapambana ndi nzeru zanu. Dziwani kuti mphotho yeniyeni salipira. Amene akufuna kuti mutumize ndalama kapena mumuuze nambala yachinsinsi ya akaunti yanu ya pafoni ndi wakuba. Achinyamata, thandizani agogo ndi makolo anu kuwerenga mauthenga otere asanapite kwa wotumiza ndalama.

Tayesani izi kunyumba

Kuti tisasiyane ndi nkhope zakugwa, nawa mafunso asanu ndi limodzi oti mufunsane madzulo ano. Mphotho palibe. Wogwira nyuzipepala aphimbe mayankho ndi dzanja, ndipo asanong'oneze aliyense.

1. Filimu yoyamba ya Rambo, yotchedwa First Blood, inatuluka mu 1982. Kodi amene anasewera ngati Rambo ndani?

2. Katswiri wa kung fu Bruce Lee anamwalira ali ndi zaka 32. Kodi anamwalirira mu mzinda uti, ndipo chinali chaka chiti?

3. Mu filimu ya The Gods Must Be Crazy ya 1980, n'chiyani chinagwa kuchokera mu ndege n'kusokoneza mtendere wa banja lina m'chipululu cha Kalahari?

4. Filimu ya Sarafina! ya 1992 imakamba za ana a sukulu a ku Soweto pa nthawi ya tsankho. Kodi mtsikana amene anasewera ngati Sarafina dzina lake ndani?

5. Filimu ya ku Zimbabwe yotchedwa Neria imakamba za mayi wamasiye amene alamu ake anamulanda chuma. Kodi ndi woimba uti wotchuka amene anasewera ngati mlongo wake wa Neria?

6. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, bungwe la Instituto Nacional de Cinema linkajambula kanema wa nkhani za m'dziko amene ankaonetsedwa m'mizinda komanso kuyenda ndi magalimoto m'midzi. Kodi kanema ameneyu ankatchedwa chiyani?

Mayankho ndi awa. Loyamba, Sylvester Stallone. Lachiwiri, ku Hong Kong mu 1973. Lachitatu, botolo la Coca-Cola. Lachinayi, Leleti Khumalo. Lachisanu, malemu Oliver Mtukudzi. Lachisanu ndi chimodzi, Kuxa Kanema.

Ngati funso lomalizali lawakanika ana, afunseni agogo awo. Mwina alipo amene anaonera kanema ameneyu ali ana, ndipo akhoza kukusimbirani zambiri kuposa zimene zingakwane pa tsamba lino. Amene muli ndi mafunso anu a kanema, kapena maganizo pa kayendetsedwe ka mipikisano m'dera lanu, tilembereni kalata ku tsamba lino la Chichewa.